Malo Odyera a ku Kitwe Wakale

Mzinda wa Kitwe unakhazikitsidwa m'caka ca 1936 pafupi ndi mgodi wa Nkana. Masiku amenewo malo odyera anali a mitundu iwiri, ndipo khungu la munthu ndilo linali kumsankhira khomo lolowera.

M'makomboni, monga Wusakile ndi Mindolo, munali tinyumba tamalata pafupi ndi misika. Amuna osakwatira, atatopa nalo phoso la kampani, anali kudza m'menemo poweruka nchito, nagula tiyi wa m'kapu yacitsulo ndi mabanzi, kapena nsima ya nsomba zouma zocokera ku Luapula. Mbemba, Mlozi ndi Mnyanja anali kupanikizana pa benchi imodzi, nakamba za malipiro ndi za kumudzi, ndipo mlendo wofika kumene anali kupeza abale ace pomwepo.

Koma m'makafe a m'tauni munthu wakuda sanaloledwe kukhala pampando. Anali kugulira pa kazenera, nadyera panja ciimirire. M'caka ca 1957 a Kenneth Kaunda analowa m'kafe ina ya ku Kitwe kuti agule cakudya, ndipo Azungu anawaturutsa mwacipongwe. Lamulo lotsegulira anthu onse makafe linayamba kugwira nchito m'mwezi wa September 1960, ngakhale Azungu ena anacita nalo cipolowe.

Kazenera kaja kanatsekedwa kalekale, ndipo palibe aulira. Koma nkhalamba za pamgodi zikakumbuka benchi ija ndi tiyi wace, zimapukusa mutu ndi cisoni.