L'Eroica: mwambo wa njinga umene ukuteteza misewu ya fumbi ku Italy

L'Eroica ndi mwambo wopalasa njinga umene umachitika chaka ndi chaka kumayambiriro kwa mwezi wa Okutobala m'chigawo cha Tuscany ku Italy. Ulendowu umayambira ndi kuthera m'mudzi wa Gaiole in Chianti, pakati pa zitunda zodzala ndi minda ya mphesa ndi maolivi.

Anauyambitsa ndi Giancarlo Brocci m'chaka cha 1997, ndipo tsiku loyambalo opalasa anali 92 okha. Chimodzi mwa zolinga zake chinali kuteteza misewu yakale ya miyala yoyera, imene eni dera amaitcha strade bianche, kuti isakwiriridwe ndi phula. Lero misewu imene ena ankaiona ngati chizindikiro cha umphawi ndiyo imakopa alendo zikwizikwi.

Malamulo ake amafuna njinga zachitsulo zamakedzana, zopangidwa m'chaka cha 1987 kapena m'mbuyo mwake, kapenanso zofanana nazo, zokhala ndi mapedulo omangira phazi ndi lamba. Ambiri amavala majuzi aubweya. Njira yaitali kwambiri imapitirira makilomita 200, ndipo imadutsa ku linga lakale la Brolio, ku Montalcino ndi ku Buonconvento. Popumulira, opalasa amalandira buledi, vinyo ndi ribollita, msuzi wa nyemba ndi masamba.

Mwambowu ndiwo unabala mpikisano wa akatswiri wa Strade Bianche m'chaka cha 2007, umene umathera pabwalo la Piazza del Campo mumzinda wa Siena. Fabian Cancellara anaupambana katatu. Mpikisano wa amayi unayamba m'chaka cha 2015.