Ndani Amafunsa Mbiri ya Dokotala?

Munthu akadwala amavula malaya pamaso pa munthu amene sakumudziwa, n'kutambasula mkono kuti amubaye jakisoni amene sakudziwanso kuti muli chiyani. Kumudzi sing'anga amadziwika ndi anthu onse: amadziwa makolo ake, kumene anaphunzira mankhwala, anthu amene anawachiritsa ngakhalenso amene anamufera m'manja. Koma dokotala wa kuchipatala amachokera kutali, ndipo wodwala alibe nthawi kapena mphamvu zofufuzira mbiri yake. Chimene chimalowa m'malo mwa umboni wa mudzi ndi kapepala kotchedwa chiphaso. M'nkhani ino ndikufuna tione kumene kapepalaka kanachokera, ndalama zimene kamadya, komanso chifukwa chake masiku ano wofuna ntchito ya chipatala amayamba watumizidwa kupolisi kuti akaone ngati anapalamulapo mlandu.

Ndiyambira ku Britain poti malamulo athu ambiri okhudza zachipatala anatsatira a kumeneko. Chisanafike chaka cha 1858, m'dzikomo munali mabungwe ambirimbiri opereka zikalata za udokotala, lililonse ndi malamulo akeake, mwakuti ngakhale bishopu wamkulu wa ku Canterbury anali ndi mphamvu zopatsa munthu digiri ya zamankhwala. Panalibe buku limodzi limene munthu wamba akanatsegula kuti adziwe dokotala weniweni ndi wachinyengo. Thomas Wakley, amene anayambitsa magazini ya The Lancet mu 1823, anakhala zaka zambiri akulalatira chisokonezo chimenechi. Mu 1856 dzikolo linagwedezeka ndi mlandu wa dokotala wina, William Palmer wa ku Rugeley, amene ananyongedwa chifukwa chopha mnzake ndi poizoni. Patapita zaka ziwiri, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo limene linabala bungwe lomwe lero limatchedwa General Medical Council, pamodzi ndi kaundula wa madokotala onse ovomerezeka.

M'lamulo la 1858 limeneli muli zinthu ziwiri zimene zikutikhudza. Choyamba ndi ndalama. Wofuna kulembedwa m'kaundula ankalipira ndalama zosapitirira £2 ngati anamaliza maphunziro chisanafike chaka cha 1859, kapena zosapitirira £5 ngati anamaliza pambuyo pake, ndipo ankalipira kamodzi kokha pa moyo wake wonse. Chachiwiri ndi khalidwe. Gawo 29 la lamuloli linapatsa bungwelo mphamvu zofufuta dzina la dokotala amene khoti lamupeza wolakwa, kapena amene wachita zonyazitsa ntchito yake. Choncho ndalama ndi mbiri ya milandu zinabadwa tsiku limodzi ngati mapasa. Koma taonani, owerenga, kuti bungweli silinkapita kukafufuza lokha. Linkadikira kuti wina alibweretsere nkhani.

Ku America nakonso funso lomweli linafika kukhoti lalikulu. Benjamin Hawker, dokotala wa ku New York, anamangidwa mu 1878 pa mlandu wochotsa pakati. Atatuluka m'ndende anayambiranso ntchito, koma m'zaka za m'ma 1890 boma la New York linakhazikitsa lamulo loletsa aliyense amene anapalamulapo mlandu waukulu kugwira ntchito ya udokotala. Iye anadandaula kuti akumulanga kawiri pa mlandu umodzi. Mu 1898 khoti lalikulu linakana dandaulo lake, ndipo linanena kuti boma lili ndi ufulu wofuna khalidwe labwino kwa dokotala monga momwe limafunira maphunziro. Chigamulo chimenechi ndi umodzi mwa mizati imene mabungwe a ziphaso a ku America amatsamira akamafunsa munthu za milandu yake yakale.

Tibwerere ku Britain, kumene kwa zaka zoposa 100 madokotala anazolowera kulipira kamodzi. Ntchito ya bungwe lija itakula ndipo thumba litayamba kupepuka, mu 1970 anayambitsa ndalama ya chaka ndi chaka, kuyambira pa £2. Ndalamayo inali yochepa kwa dokotala, koma mkangano wake unali waukulu. Madokotala ambiri anakana kulipira ponena kuti sangadyetse bungwe limene iwo alibemo mawu okwanira. Boma linaopa kuti okana kulipirawo akafufutidwa m'kaundula zipatala zikhala zopanda madokotala, ndiye linasankha komiti yotsogozedwa ndi Alec Merrison, imene inapereka lipoti lake mu 1975. Zotsatira zake, lamulo la 1978 linapatsa madokotala osankhidwa ndi anzawo mipando yochuluka m'bungwelo. Apa mpamene ndikuona muzu wa vuto limene linadzaonekera pambuyo pake: amene amalipira mlonda ndi yemweyo amene mlondayo akuyenera kumuyang'anira.

M'zaka zomwezo, m'tauni ya Todmorden munali dokotala wachinyamata dzina lake Harold Shipman, amene anamaliza maphunziro ake ku Leeds mu 1970. Mu 1975 anzake a pantchito anatulukira kuti iye ankalemba makalata abodza otengera mankhwala amphamvu opha ululu otchedwa pethidine, n'kumadzibaya yekha. Mu February 1976 khoti la ku Halifax linamupeza wolakwa ndipo linamulipitsa chindapusa cha £600. Nkhaniyi inafika ku General Medical Council, koma bungwelo linangomulembera kalata yomuchenjeza, dzina lake n'kukhalabe m'kaundula. Mu 1977 anapeza ntchito m'tauni ya Hyde pafupi ndi Manchester. Madokotala amene anamulemba ntchito ankadziwa za mlandu wake chifukwa anawauza yekha, ndipo anaona kuti ndi munthu wolapa amene ayenera kupatsidwa mwayi wina.

Anthu a ku Hyde anamukonda kwambiri poti ankayendera okalamba m'makomo mwawo ngakhale asanamuitane. Pajatu akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kwa zaka zoposa 20 iye ankabaya odwala ake, makamaka amayi achikulire, mankhwala a diamorphine opyola muyezo, kenako n'kulemba yekha chikalata chonena kuti afa ndi ukalamba kapena mtima. Anthu ena anayamba kudabwa. Okonza maliro anaona kuti odwala a dokotalayu amapezeka atafa ali chikhalire pampando, atavala bwinobwino. Woyendetsa takisi wina ankalemba mayina a makasitomala ake okalamba amene ankangomwalira mwadzidzidzi, koma ankaopa kuti palibe angakhulupirire iye n'kusiya dokotala. Mu March 1998 dokotala mnzake, Linda Reynolds, anakanena kwa akuluakulu, apolisi anafufuza mwapatalipatali n'kutseka nkhani, ndipo anthu ena atatu anaphedwa pambuyo pake. Chimene chinamugwetsa ndi umbombo. Mu June 1998 anapha mayi Kathleen Grundy n'kupeka wilo yonena kuti amusiyira chuma chawo, osalabadira kuti mwana wawo wamkazi ndi loya.

Pa 31 January 2000 khoti linamupeza wolakwa pa milandu 15 ya kupha, ndipo dzina lake linafufutidwa m'kaundula mwezi wotsatira. Kafukufuku amene anatsogolera woweruza Janet Smith anapeza mu 2002 kuti Shipman anapha anthu osachepera 215, ndipo pomaliza mu 2005 ananena kuti chiwerengero chonse chingafike pa 250. Mu lipoti la 2004 woweruzayu anadzudzula General Medical Council kuti inkapendekera kwambiri koteteza madokotala kusiyana ndi odwala. Shipman mwiniwake anadzimangirira m'ndende ya Wakefield mu January 2004.

Wina anganene kuti zimenezi ndi za kutali. Tsono tamvani za Michael Swango, amene anafika mpaka kwa anansi athu. Iyeyu anamaliza maphunziro a udokotala ku Illinois mu 1983. Mu 1985 khoti linamupeza wolakwa pothira poizoni wophera nyerere m'zakudya ndi zakumwa za anzake ogwira ntchito pa ambulansi m'tauni ya Quincy, ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende zaka zisanu, koma anatuluka mu 1987. Mbiri yakeyi inali yolembedwa bwinobwino kukhoti. Komabe pogwiritsa ntchito zikalata zopeka komanso mabodza, anapeza malo pachipatala cha ku South Dakota mu 1992. Atatulukiridwa kumeneko anakalowa pachipatala cha asilikali opuma ku Northport, m'boma la New York, mu 1993, ndipo odwala anayamba kufa mosadziwika bwino. Atachotsedwanso, mkulu wa sukulu imene inamulandira analembera sukulu zonse za udokotala ndi zipatala zophunzitsira za ku America kuwachenjeza za munthuyu.

Chenjezolo linathera m'malire a America. Chakumapeto kwa 1994 Swango anatsikira ku Zimbabwe, ndipo anakagwira ntchito pachipatala cha mishoni cha Mnene m'boma la Mberengwa. Aliyense amene anakhalapo pamzere wa chipatala chakumudzi angamvetse chimwemwe cha anthu atamva kuti kwabwera dokotala wochokera ku America amene wavomera malipiro ochepa. Timati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo ka mlendo uyu sikanali kometera. Odwala amene anali kupeza bwino anayamba kufa, ena opulumuka anasimba kuti dokotala anawabaya jakisoni kenako thupi lonse linauma, ndipo mu 1995 anaimitsidwa ntchito. Apolisi asanamalize kufufuza, iye anawoloka kupita ku Zambia mu 1996 n'kupezanso ntchito pachipatala china ku Lusaka, mpaka uthenga wochokera ku Zimbabwe utamupeza. Anamugwira pabwalo la ndege ku Chicago mu June 1997 ali pa ulendo wokayamba ntchito ina ku Saudi Arabia. M'chaka cha 2000 anavomera kuti anapha odwala atatu ku Northport ndi mtsikana mmodzi ku Ohio, ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Nkhani ziwirizi zikaikidwa pamodzi zikuphunzitsa chinthu chimodzi. Lamulo linalipo kuyambira kalekale, mabungwe analipo, ndalama za ziphaso zinkatoleredwa, ndipo amuna onse awiri anali ndi mlandu wolembedwa kukhoti asanaphe anthu ochuluka. Chimene chinasowa ndi choti amene akudziwa auze amene akufunika kudziwa, ndiponso kuti wouzidwayo achitepo kanthu. Kwa Swango mbiri inalipo koma sinayende ulendo umene mwiniwake anayenda. Kwa Shipman mbiri inafika, koma palibe anapitiriza kumuyang'anitsitsa.

Zambiri zimene zasintha m'zaka zapitazi n'zoyesa kutseka mipata imeneyi. Mu 2002 ku England ndi Wales kunatsegulidwa ofesi ya Criminal Records Bureau kuti olemba ntchito m'zipatala ndi m'masukulu azifunsa mbiri ya munthu pamalo amodzi, ndipo poyamba ankalipitsa £12. Mu 2012 ofesiyi inaphatikizidwa ndi ina n'kukhala Disclosure and Barring Service. Chaka chomwecho anayambitsa dongosolo lakuti dokotala aliyense aziunikidwanso zaka zisanu zilizonse, ndipo kuyambira mu September 2024 imfa iliyonse ku England ndi Wales imaunikidwa ndi munthu wina wapadera, kuti dokotala asamakhale mboni yokhayo ya imfa ya wodwala wake.

Ife Amalawi khomo la ziphasoli timalidziwa mbali zonse ziwiri. Dr Hastings Kamuzu Banda anamaliza udokotala ku Meharry m'dziko la America mu 1937, koma poti maiko olamulidwa ndi Britain ankafuna zikalata za ku Britain, anapitanso ku Edinburgh kumene anapambana mayeso mu 1941. Ngakhale anali ndi zikalata zonsezo, tsankho la atsamunda linawatsekera njira yodzagwira ntchito kuno kwawo mwaulemu, ndipo anakathera ku Liverpool, North Shields ndi London. Khomo lomwe linatsegukira Swango mosavuta linali litavutapo kutsegukira mwana wa dziko lino. Titalandira ufulu tinamanga makomo athuathu: bungwe la anamwino ndi azamba linakhazikitsidwa mu 1966, ndipo Medical Council of Malawi inabadwa ndi lamulo la 1987. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene anamwino athu ambiri ankapita ku Britain, anadzionera okha kulemera kwa makomo a eni ake: zikalata zotsimikizira maphunziro ndi khalidwe, miyezi yophunzira ntchito moyang'aniridwa, ndi ndalama zolembetsera m'mapaundi. Mu 2015 bungwe la anamwino la ku Britain linakweza ndalama yake ya pachaka kufika pa £120.

Ndikumvetsa namwino amene amadandaula kuti malipiro ake ndi ochepa koma chaka chilichonse azilipira chiphaso, ndipo akafuna ntchito ina akadinde zala kupolisi n'kulipiranso. Ndalama ikakwera kwambiri imatsekera kunja mwana wa mlimi amene waphunzira movutikira, pamene wachinyengo wa thumba lolemera amangodutsa. Komanso bungwe lopanda ndalama silingalembe anthu ofufuza, silingayendere zipatala za kumidzi, ndipo silingathe ngakhale kuimba foni ku dziko limene dokotala wachilendo akuti wachokera. Choncho funso limene ndikuona kuti tiyenera kumafunsa ndi lakuti ndalamayo imagula chiyani. Ikamangogula chidindo ndi siginecha, ndiye kuti ndi msonkho chabe. Ikamagula kaundula amene aliyense angathe kumuona, kalata imene imapitadi ku Harare kapena ku Lusaka kukafunsa, ndi khutu lomvera namwino wamng'ono kapena mlonda wa pageti akanena kuti pali chimene chikumudabwitsa, pamenepo ndalamayo yagwira ntchito yake.

Kalata ya kupolisi imangonena za mlandu umene munthu anagwidwa nawo, ndipo si aliyense amene anamangidwapo ali woopsa kwa odwala. Komabe anthu a ku Hyde ndi a ku Mnene anatambasula mikono yawo pokhulupirira kuti kwinakwake alipo amene anafunsa kale mafunso amene iwo sakanatha kufunsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'zipatala zathu, mmene dokotala mmodzi amasamala anthu miyandamiyanda, chiyeso cholandira aliyense wovala chijasi choyera ndi chachikulu, ndipo ndi komweko kumene kufunsa kukufunika koposa.