Nkhope ya Ndani? Mbiri ya Kujambula Munthu m'Malawi

Sabata yatha ndinauza ana a Fomu 2 kuno ku Chisenga kuti aliyense ajambule munthu amene amamulemekeza. Ambiri anajambula akatswiri a mpira a ku Ulaya. Wojambula agogo ake panalibe. Anzanga aphunzitsi, nkhaniyi yandisowetsa tulo, n'chifukwa chake ndati tibwerere m'mbiri pang'ono.

Kujambula sikunabwere ndi azungu. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula. Zoyera ndi za Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali ndi nyau. Makolo aja sankajambula nkhope ya munthu mmodzi. Ankajambula zimene zimamanga mudzi pamodzi.

Atsamunda atabwera, chithunzi chinasanduka nkhani ya ulemu. Mu 1914 John Chilembwe anajambulitsa ataima ndi mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Chaka chotsatira anaukira boma n'kuphedwa. Mu 2022 Samson Kambalu anaimika chiboliboli chochokera pa chithunzichi ku Trafalgar Square mu London. Chilembwe anamukulitsa kuposa Chorley.

Ife akale timakumbuka nthawi ya nkhope imodzi. Chithunzi cha Kamuzu chinali mu ofesi iliyonse, pa ndalama ndi pa nsalu za mbumba, ndipo china sichinkapachikidwa pamwamba pake. Ku Mongolia zinali zofananako: kufikira 1990 ojambula ankatsata zofuna za chipani, ndipo ufulu utabwera ena anabwerera ku kajambulidwe ka makolo awo pofuna kudziwa kuti iwo ndani. Kwathu zinthu zinasintha ndi riferendamu ya 1993. Ndalama za 2012 zinatulutsa nkhope zambiri, monga Rose Chibambo pa K200 ndi James Sangala pa K100.

Koma onsewa ndi atsogoleri. Nanga mayi wolima malezi m'munsi mwa mapiri a Mafinga adzamujambula ndani? Tikapanda kutero ife, adzukulu athu adzadziwa nkhope za alendo zokha.

Lolemba ndawatuma ana aja kuti akajambule munthu wa pakhomo pawo, alembenso dzina la mfunda wake. Inu amene munadutsa m'manja mwanga, ngati muli ndi chithunzi chakale cha kuno, chisungeni bwino. Nayonso ndi mbiri.