Chigamba ndi Nkhuku: Mbiri ya Chuma cha Pakhomo ku Nkhata Bay



Mbiri ya Nkhata Bay ikamakambidwa, anthu amathamangira kutchula doko, sitima ya Ilala, mitengo ya mphira ya ku Vizara, tiyi wa ku Chombe ndi ku Kawalazi, ndiponso tsiku lachisoni la 3 Malichi 1959 pamene asilikali a boma la atsamunda anawombera anthu padokopo. Zonsezi n'zoyenera kuzidziwa. Komatu kuseri kwa nyumba kuli mbiri ina imene mabuku a kusukulu anaidumpha, ndiyo mbiri ya chimene anthu ankafunda usiku ndi ziweto zimene zinkagona pafupi nawo. Lero tione zinthu ziwiri zonyozeka, chigamba ndi nkhuku, pakuti ndizo zinasunga mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja pa zaka zimene amuna anali kutali.

Dziko la chinangwa ndi nsomba

Atonga a ku Nkhata Bay, Chintheche ndi Bandawe sanali anthu a makola a ng'ombe monga Angoni a ku Mzimba kapena Angonde a ku Karonga. Dziko lao ndi la mapiri otsetserekera kunyanja, la nkhalango ndi mvula yambiri, losowa madambo aakulu odyetserako ng'ombe. M'malo ena a m'mbali mwa nyanja munalinso ntchentche ya kashembe imene imapha ng'ombe. Pamwamba pa izi panadza nkhondo. Angoni a M'mbelwa atakhazikika kumtunda cha m'ma 1850, ankatsikira kunyanja kudzafunkha, ndipo Atonga ambiri anadziunjika m'malinga, monga linga la Mankhambira ku Chintheche. M'zaka za m'ma 1870 Atonga amene anali m'manja mwa Angoni anathawa, ndipo nkhondo imene inawatsatira inagonjetsedwa ku Chintheche komweko. Munthu wokhala m'linga saweta chinthu chofuna busa lakutali. Amaweta chimene angachinyamule m'khwapa pothawa.

Motero chakudya cha Mtonga chinakhala kondowole wa chinangwa, ndiwo zake usipa, utaka, batala ndi chigwada, pamene chuma chake choyenda ndi miyendo chinali nkhuku, abakha, nkhunda ndi mbuzi zowerengeka.

Nsalu isanachuluke

Musaganize kuti m'mbali mwa nyanja simuzizira. Mwera ukayamba kuomba, makamaka mu Juni ndi Julaye, mbandakucha umalowa m'mafupa. Makolo ankadziteteza ndi moto wa m'nyumba, zikopa, ndi nyanda imene ena amaitcha chiwondo. Mmisiri ankasenda khungwa la mtengo monga mombo, kulipala kunja, kulinyika, kenaka n'kulisula ndi chibonga pa chipika mpaka litafewa ndi kutambasuka. Khungwa limodzi silinkakwana munthu wamkulu, choncho ankalumikiza zidutswa ndi luzi, ndipo pobooka ankaikapo chigamba. Apa pali phunziro loyamba: luso lolumikiza zidutswa kuti zikhale chofunda chimodzi linalipo singano ya chitsulo ya kusitolo isanafike.

Mbuzi nayo inkavalika anthu. Ikaphedwa, chikopa chake chinkakhomedwa pansi ndi zikhomo kuti chiume, n'kufufutidwa ndi manja ndi mafuta mpaka chitasanduka nguwo yoberekera mwana kapena chokhalira cha mkulu wa pamudzi.

Nsalu inayamba kulowa ndi amalonda a minyanga ya njovu. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, anthu otchedwa Balowoka anaoloka nyanja kuchokera kum'mawa atanyamula nsalu ndi mikanda. Pambuyo pake kunadza Aswahili, ena mwa iwo a Jumbe wa ku Nkhotakota, ndi nsalu yoyera yotchedwa merikani chifukwa inkaombedwa ku America. Nsalu yoteroyo inali ndalama. Inkagula minyanga, ndipo mwachisoni inkagulanso anthu. Munthu wamba akapeza mkono umodzi wa nsalu sankataya ngakhale kaulusi kake.

Singano ku Bandawe

Mu 1881 Dr Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kudza ku Bandawe, ndipo likulu linakhala pamenepo kufikira 1894 pamene linakwera ku Khondowe. Atonga anailandira sukulu ndi manja awiri. Anyamata ankaphunzira kuwerenga, ukalipentala ndi zomangamanga, pamene atsikana, kuwonjezera pa kuwerenga, ankaphunzitsidwa kusoka ndi akazi a amishoni, kuphatikizapo Mayi Margaret Laws. Pa nthawi yomweyo kampani ya African Lakes, imene inakhazikitsidwa mu 1878 ndipo tonse timaidziwa ndi dzina loti Mandala, inkalemba Atonga ambiri ntchito ya utengatenga ndi ya pa sitima, ndipo malipiro a masiku oyambawo kawirikawiri anali nsalu.

Msungwana wophunzira kusoka sayambira pa nsalu yatsopano, chifukwa akhoza kuiononga. Amayambira pa tizidutswa totsala. Amaphunzira kupinda m'mphepete, kulumikiza ziwiri, ndi kuongola msoko. Kuchokera m'makalasi otere, ndiponso pambuyo pake m'magulu a amayi a m'mipingo monga Umanyano ndi kwa alangizi a zapakhomo, luso la singano linafalikira m'midzi, mayi kuphunzitsa mwana, mwana kuphunzitsa mnzake.

Amuna ku ulendo, amayi pakhomo

Msonkho wa nyumba utayamba m'zaka za m'ma 1890, ndalama zinasanduka chinthu chosathawika. Atonga, pokhala odziwa kulemba ndi kuwerenga, anali m'gulu la oyamba kupita kutali: ku Blantyre, ku Salisbury ndi Bulawayo, ku migodi ya Johannesburg, ndi ku migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia. Clements Kadalie wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali mmodzi mwa apaulendo amenewa. Katswiri wofufuza za chikhalidwe, J. van Velsen, amene anakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950, anapeza kuti amuna oposa theka sanali pamudzi.

Wobwerera kwao ankatsika padoko la Nkhata Bay, makamaka Ilala itayamba kuyenda mu 1951, ali ndi bokosi lachitsulo. M'katimo munali mabulangete, jekete, nsalu za mkazi ndi za alongo, ndipo wamwayi ankabwera ndi makina osokera a Singer n'kukhala telala pakhonde la sitolo. Koma si onse ankabwerera. Ena anatchona, osalemba ngakhale kalata. Ena ankatumiza ndalama kamodzi pa chaka. Mayi wotsala ndi ana asanu, bulangete limodzi lomwe mwamuna anasiya litayamba kuonekera kuwala, sankayembekeza sitima. Ankatsegula mtanga wa nsanza.

Kasokedwe kake

Chofunda cha zigamba chinkayamba ndi kusonkhanitsa. Chilundu chong'ambika pakati chimakhala ndi m'mbali molimba. Buluku la kaki lotha m'mawondo limakhala ndi nsalu yabwino kumbuyo kwa miyendo. Yunifolomu yochepera mwana, biliwita wa agogo, ndi tizidutswa topempha kwa telala, zonse zinkachapidwa ndi kuyanikidwa. Wosoka ankadula pofooka ponse n'kusunga polimba, kenaka n'kulumikiza tizidutswato m'mizere yaitali, mzere ndi mzere, mpaka nsalu itakwana mphasa. Kuti ikhale yofunda, ankaisanjika pa bulangete lakale kapena pa matumba a ufa otambasula, n'kusoka misoko yodutsa monsemo kuti zapamwamba ndi zapansi zigwirane. Ulusi ukasowa ankausolola m'thumba lomwelo.

Wosoka waluso ankadziwa kuti nsalu yolemera siyenera kulumikizidwa ndi yopepuka kwambiri, chifukwa pochapa yolemerayo imakoka inzake n'kuing'amba. Ankadziwanso kuti chigamba chimaikidwa bowo likali laling'ono. Ntchitoyi inkagwiridwa masana pakhonde, pobwera kumunda, chinangwa chili pa thandala, maso ena ali pa singano ena ali pa nkhuku zofuna kujompha chinangwacho. Inkatha milungu. M'pake akulu anati, "Pang'onopang'ono ndi mtolo."

Ndipo chofundacho chinali buku la banja. Mwana ankatha kuloza kuti aka ndi ka malaya a atate amene ali ku Joni, aka ndi ka diresi limene mayi anavinira chilimika pa chaka chatsopano. Ana ena anadziwa atate ao poyamba ndi kachidutswa ka nsalu.

Banki ya miyendo iwiri

Nanga singano, ulusi, sopo ndi mchere zinkagulidwa ndi chiyani? Apa ndi pamene nkhuku ikulowa. Thadzi limodzi limaikira mazira khumi kapena kuposerapo, limafungatira masiku 21, ndipo limatha kuswa katatu pa chaka. Silifuna mbusa. Limadzifunira lokha chiswe, ziwala ndi nyenyeswa za pamtondo. Mayi akasowa ndalama ya sukulu kapena ya kuchipatala ankagwira tambala n'kupita naye kumsika, makamaka tsiku lofika sitima pamene padoko pankadzaza anthu. Nkhuku zikachuluka zinkagula mbuzi, ndipo mbuzi inkasungidwira zazikulu: maliro, mlandu, ukwati.

Tsiku la pakhomo linkayenda ndi ziweto. Tambala ndiye anali wotchi ya msodzi ndi ya mwana wa sukulu. M'mawa mwana ankatsegula khola, n'kukamangirira mbuzi pa chingwe kutali ndi munda, pakuti mbuzi yolowa m'chinangwa cha mnansi inkabala mlandu wofika kwa nyakwawa. Makoko a chinangwa chowawa ankawayanika kaye asanapatse ziweto, chifukwa aawisi amaledzeretsa mbuzi ngakhale kuipha kumene. Masana kabawi akazungulira, mudzi wonse unkakuwa kuti anapiye abisale. Madzulo ankawerenga nkhuku polowa, n'kutseka bwino poopa vumbwe ndi fisi.

Miyambo yambiri inamangidwa pa ziweto zimenezi. Mlendo wolemekezeka ankamuphera nkhuku, ndipo nthutumba inkayenera kupezeka m'mbale yake ngati umboni woti nkhukuyo inaphedwera iyeyo. Agogo ankapatsa mdzukulu msoti kuti ukhale wakewake, ndipo kumeneko ndiko kunali kuphunzira kusunga chuma. Panalinso kuikiza: munthu ankapereka mbuzi kapena thadzi kwa mbale wa mudzi wina kuti amusungire, ndipo zikaswana wosungayo ankalandirako gawo. Nzeru yake inali yakuya, chifukwa chitopa chikasesa nkhuku za mudzi uno, mbeu inkatsala kutsidya kwa mtsinje. "Kupatsa n'kuika," anatero makolo. Ankatinso, "Nkhuku yoweta sagula pamsika," kutanthauza kuti chinthu chofuna kukhala nacho nthawi yaitali uyenera kudziwa kumene chachokera, ndipo mwambiwu ankaunena kwa mnyamata wofuna mbeta.

Ngakhale chofunda chija chikatheratu sichinkapita kudzala. Chidutswa china chinkakhala nkhata yosenzera mtsuko, china chophulira mphika, ndipo chotsiriza chinkayalidwa m'dengu momwe thadzi linkafungatira. Nkhuku inagula ulusi, nsanza n'kubwerera kwa nkhuku.

Anzathu a kutali

Nzeru imeneyi imapezeka kulikonse kumene nsalu inali yodula ndipo manja anali aluso. Ku Gee's Bend, mudzi wa alimi akuda m'chigawo cha Alabama ku America, zidzukulu za akapolo zinkasoka zofunda kuchokera ku zovala zakutha zogwirira ntchito m'minda ya thonje. Mu 2002 zofundazo zinaonetsedwa m'nyumba zazikulu zoonetsera zaluso ku Houston ndi ku New York, ndipo dziko linadabwa nazo. Ku India, amayi a mtundu wa Siddi, amene makolo ao anachokera kuno ku Africa, amasoka zofunda za zigamba zotchedwa kawandi. Chimene ife tinkachibisa mlendo akabwera, kwina anachipachika pakhoma kuti anthu alipire pochiona.

Zimene zinasintha

Fakitale ya nsalu ya David Whitehead itatsegulidwa ku Blantyre m'zaka za m'ma 1960, chitenje chinayamba kupezeka mosavuta. Ulendo wa ku migodi kudzera ku Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo ngakhale unayambiranso pansi pa Teba, unatheratu cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Kenaka m'zaka za m'ma 1990 kaunjika anasefukira m'misika. Kaunjika anathetsa usiwa m'mabanja ambiri, ndipo tisamunyoze. Koma anaphunzitsanso ana athu kuti chong'ambika n'chotaya, ndipo mawu oti "wazigamba" anasanduka chitonzo.

Komabe luso silinafe. Atelala lero amasoka zikwama, zoyala pabedi ndi zovala kuchokera ku tizidutswa ta zitenje, ndipo alendo odzaona nyanja amazigula. Chitopa nachonso chili ndi katemera wodonthezera m'diso la nkhuku, amene agogo athu akanamuvinira akanakhalapo m'masiku ao.

Tsono adzukulu anga, ndikupemphani zinthu zitatu. Mukapita kumudzi, funsani agogo anu aakazi ngati m'bokosi mwao mwatsala chofunda cha zigamba, ndipo mulembe dzina la mwini wa chidutswa chilichonse iwo akali moyo, chifukwa akapita palibenso wina adzakuuzeni. Chachiwiri, phunzirani kugwira singano, anyamata ndi atsikana omwe. Chachitatu, ngati muli ndi kabwalo ngakhale kakang'ono, wetani thadzi limodzi ndipo mulitemere. Ambiri mwa aphunzitsi, abusa ndi makalaliki amene Nkhata Bay imanyadira anagona m'zigamba ndipo anapita kusukulu ndi ndalama ya tambala. Amayi amene anawalera ankadziwa tanthauzo la mwambi uja wakuti, "Sunga khosi, mkanda woyera udzavala."

Tsalani bwino, tidzachezanso.