Manja amene anamanga matchalitchi a ku Cape Town

Amalawi ambiri tikatsika sitima mu Cape Town timangodutsa mu Adderley Street chothamanga, mtima uli ku ganyu. Tsiku lina mudzaime pa Groote Kerk. Ili ndi likulu lakale la mpingo wa Dutch Reformed, womwe uja unatumiza A.C. Murray ku Mvera mu 1889. Kwa a Sinodi ya Nkhoma, pano ndi kwa agogo.

Tchalitchichi chinatsegulidwa mu 1704, ndipo chinamangidwanso mu 1841. Mukafunsa amene anasema gome lolalikirapo, akuuzani msanga: Anton Anreith, Mjeremani, mu 1789. Funsani za oswa miyala, otentha laimu ndi opala matabwa, muona anthu akuyang'anana.

Yankho lili pafupi pomwepo, pa Slave Lodge, nyumba yomwe kampani ya Adatchi ya VOC inkatsekeramo akapolo ake kuyambira 1679. Ntchito zambiri zomanga mumzindawu zinkagwiridwa ndi akapolo ochokera ku India, Indonesia, Madagascar ndi Mozambique. Ena anali amisiri enieni, akalipentala ndi omanga. Mbuye wawo ankawabwereketsa kwa ena, malipiro n'kulowa m'thumba lake. Dzina la kwawo ankalandidwa padoko. Wofika mu Januwale ankangotchedwa Januarie, ndiye chifukwa mpaka lero mumakumana ndi a September ndi a February ku Cape Flats. Ochokera mbali ya kwathu ankawatcha Masbiekers. Mu Disembala 1794 chombo cha São José, chodzaza akapolo a ku Mozambique, chinasweka ku Clifton; anthu oposa 200 anamira, opulumuka anagulitsidwa konkuno.

Lamulungu, ambuye awo akamapemphera m'tchalitchimo, akapolo ankadikira panja, pabwalo la Church Square. Pamenepo mu 2008 anaikapo miyala 11 yakuda, ina yolembedwa mayina awo. Masana anthu amaikhalira n'kumadyerapo tchipisi, ndipo ine sindiwadzudzula, palibe amene anawafotokozera.

Ukapolo unathetsedwa pa 1 Disembala 1834, koma akapolowo anawagwiritsabe ntchito zaka zina zinayi. Ku Long Street kuli Sendinggestig, tchalitchi cha 1804 chomwe akapolo ankaphunziriramo ndi kupempheramo, pano ndi nyumba yosungiramo zakale. Kuchoka pa Groote Kerk ndi ulendo wa mphindi zochepa wapansi.