Nzeru zilipo, imasowa ndi ya ulendo: mbiri ya thandizo la achinyamata a masamu

Nyengo yogulitsa fodya ikafika ku Chisemphere, kumpoto kwa boma la Kasungu, masamu amalowa m'nyumba iliyonse. Belo likafika ku okushoni ya Chinkhoma, mtengo wake umatchulidwa m'madola a ku America pa kilogalamu. Mlimi achotsepo ya galimoto, ya misonkho, ya ngongole ya feteleza ndi ya aganyu, kenaka yotsalayo aisinthire m'makwacha. M'mabanja ambiri ntchito imeneyi imagwera mwana wa sukulu, ndipo pamakhala wina amene amatulutsa yankho anzake asanapeze n'cholembera chomwe.

Mwana wotereyu akapitirira nawo masamu mpaka ku Zomba kapena ku Mzuzu, n'kuyamba kafukufuku wakewake, amadzakumana ndi funso limene lakhala likuvutitsa ophunzira a dziko lino kwa zaka zoposa 100: kumene kuli akatswiri anzake n'kutali, nanga ulendowo alipira ndani?

Anayamba ndi wapansi

Kasungu amaidziwa bwino nkhani imeneyi. Cha m'ma 1915, mnyamata wina wa m'bomali, Hastings Kamuzu Banda, anauyamba wapansi kulowera ku Southern Rhodesia, kumene anagwira ntchito pachipatala cha Hartley. Kuchoka apo anapitirira ku Joni n'kukalowa ntchito kumigodi. Kumeneko Bishopu William Vernon wa mpingo wa African Methodist Episcopal analonjeza kuti mpingo umulipirira sukulu ku America, koma ya sitima ya pamadzi anayenera kuipeza yekha. Ananyamuka mu 1925 kupita ku Wilberforce, m'chigawo cha Ohio, ndipo udokotala anadzaumaliza ku Meharry mu 1937. Zaka pafupifupi 10 zinathera panjira, munthu akusakasaka poyambira.

Legson Kayira wa ku Chitipa naye anachita chimodzimodzi. Ananyamuka wapansi mu 1958, nayenda mpaka ku Uganda ndi ku Khartoum. Malo a sukulu anawapeza ku Skagit Valley College ku America, koma ya ndege inachita kusonkhedwa ndi ophunzira ndiponso anthu a kumeneko, ndipo anafika mu 1960.

Awiriwa sanali a masamu, koma vuto lawo ndi lomwenso linagwera mmodzi mwa akatswiri a masamu otchuka kwambiri. Srinivasa Ramanujan anali kalaliki wamba padoko la Madras ku India pamene analembera kalata G. H. Hardy wa ku Cambridge mu 1913. Hardy anaona kuti mnyamatayu si wamba, koma kalata yokha sikanamuwolotsa nyanja. Inamuwolotsa mu 1914 ndi ndalama ya yunivesite ya Madras, imene inampatsa ya ulendo ndi yodyera. Zimene awiriwo anatulukira limodzi m'zaka zisanu zotsatira akatswiri akuzigwiritsabe ntchito mpaka lero.

Wa masamu ayenderanji?

Ena amafunsa kuti munthu amene zida zake ndi choko ndi bolodi akufunanji kunja. Yankho lagona pa mmene masamu a kafukufuku alili. Nthambi zake n'zambiri ndipo iliyonse ndi yakuya, moti pa yunivesite yonse pakhoza kukhala munthu mmodzi yekha wodziwa nthambi inayake. Akalemba umboni wa mfundo yatsopano, palibe pafupi woti n'kumuonetsa pamene waphonya. Sadziwanso ngati funso limene akulimbana nalo linayankhidwa kale kwina. Kuonjezera apo, mphunzitsi wachinyamata wa pa yunivesite amasenza makalasi akuluakulu ndi milu ya mapepala ochonga, moti nthawi yoganiza mozama imasowa.

Amene anaumva ululu umenewu n'kuchitapo kanthu ndi Abdus Salam wa ku Pakistan. Atamaliza maphunziro ku Cambridge anabwerera kwawo mu 1951 kukaphunzitsa masamu ku Lahore, koma anapezeka ali yekhayekha, wopanda wokambirana naye. Mu 1954 anabwerera ku England. Pofuna kuti ena asamachite kusankha pakati pa dziko lawo ndi kafukufuku, mu 1964 anakhazikitsa likulu la kafukufuku la ICTP mumzinda wa Trieste ku Italy. Nzeru yake inali yakuti katswiri azikhalabe pantchito kwawo, koma likululo lizimulipirira kupita ku Trieste kwa masabata kapena miyezi ingapo, akawerenge, akakambirane ndi anzake, n'kubwerera. Thandizo la mtundu umenewu, lopita n'kubwerako, ndi limene mabungwe ambiri anadzatengera.

Chaka chomwecho cha 1964 ndi chimene Malawi analandira ufulu n'kukhazikitsa University of Malawi. Ophunzira oyamba analowa mu 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ndipo Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Digiri yoyamba ya masamu inayamba kupezeka konkuno, koma wofuna ya udokotala ankayenera kutuluka, kawirikawiri pa thandizo la maiko ena monga la Commonwealth, limene linayamba mu 1959.

Msonkhano ubwera pafupi

Akatswiri a mu Africa anazindikira msanga kuti njira ina yochepetsera mtengo wa ulendo ndiyo kukumana konkuno. Mu 1976 anasonkhana ku Rabat m'dziko la Morocco n'kukhazikitsa African Mathematical Union, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Henri Hogbe Nlend wa ku Cameroon. Kuno kummwera, bungwe la akatswiri a masamu la SAMSA linabadwa mu 1981, ndipo msonkhano wake wa chaka ndi chaka umazungulira m'maiko a m'chigawochi.

Mu 1981 momwemo Mmalawi wina, Overtoun Jenda, amene digiri yoyamba anaitenga ku Chancellor College, anamaliza ya udokotala ku University of Kentucky. Anabwerera kudzaphunzitsa ku Zomba, kenaka ku Botswana, ndipo mu 1988 anayamba ntchito ku Auburn University ku America. Pamodzi ndi mphunzitsi wake Edgar Enochs analemba buku la aljebra lotchedwa Relative Homological Algebra, limene linatuluka mu 2000 ndipo ofufuza a nthambiyo amalidalira.

A Jenda sanaiwale kumene anachokera. Mothandizidwa ndi National Science Foundation ya ku America, anatsogolera kukhazikitsa ndondomeko yotchedwa Masamu, imene imasonkhanitsa ophunzira ndi aphunzitsi a ku America ndi a kuno kuti agwire kafukufuku m'magulu, pa nthawi ya msonkhano wa SAMSA. Kukumana koyamba kunachitikira ku Livingstone m'dziko la Zambia mu 2011. Chaka chotsatira msonkhanowo unabwera ku Lilongwe, ndipo mu 2019 unachitikira ku Blantyre. Kwa wophunzira wa ku Kasungu, zimenezi zinatanthauza kuti akatswiri amene ankangowaona maina m'mabuku akanatha kukawapeza pa basi.

Zitseko zimene zilipo lero

Chitseko chachikulu kwa omaliza digiri yoyamba chinatseguka mu 2003, pamene Neil Turok anakhazikitsa African Institute for Mathematical Sciences, AIMS mwachidule, ku Muizenberg pafupi ndi Cape Town. Wosankhidwa salipira kanthu: fizi, pogona, chakudya ndi ulendo zonse n'zolipiridwa. Nthambi zina zinatsegulidwa ku Senegal mu 2011, ku Ghana mu 2012, ku Cameroon mu 2013 ndi ku Rwanda mu 2016, ndipo Amalawi akhala akuphunzira nawo kumeneko.

Bungwe la akatswiri a masamu a dziko lonse, International Mathematical Union, lili ndi nthambi yoona za maiko osauka. Imapereka ndalama zoti wofufuza wachinyamata akakhale kwa mnzake wa kunja kwa kanthawi. Ina mwa ndalamazo imachokera ku thumba la mphoto ya Abel ku Norway, ina ku Simons Foundation ya ku America. Bungwe la CIMPA la ku France, lomwe linayamba mu 1978, limachita mosiyana: limatumiza aphunzitsi kumaiko osauka kukachititsa maphunziro a masabata awiri, n'kuthandiza achinyamata a maiko oyandikana nawo kuti akafikeko.

Msonkhano waukulu wa akatswiri a masamu unayamba mu 1897 ku Zürich, ndipo umachitika zaka zinayi zilizonse. Mpaka lero sunachitikepo mu Africa. Utafika ku Seoul mu 2014, akatswiri a ku South Korea, pokumbukira kuti dziko lawo linali losauka ndipo ena analithandiza, anakonza ndondomeko ya NANUM yolipirira anthu 1,000 ochokera kumaiko osauka. A ku Brazil anatengera chitsanzocho ku Rio de Janeiro mu 2018.

Kuti ulendo umodzi wokha ukhoza kusintha moyo, Kasungu ali ndi umboni wa posachedwa. William Kamkwamba wa ku Wimbe anasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, koma anapanga makina a magetsi oyendera mphepo powerenga mabuku a mulaibulale. Mu 2007 anamuitana ku msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania. Anthu amene anakumana nawo kumeneko anamuthandiza kulipirira sukulu, mpaka anamaliza ku Dartmouth College mu 2014.

Pamene pakuvutabe

Ngakhale zitseko zachuluka, kuzifikira si chinthu chapafupi. Pempho la ndalama limafuna kalata yokuitana yochokera kwa katswiri wa kumene ukupita, ndondomeko ya kafukufuku ndi makalata a aphunzitsi ako, zonse zitumizidwe pa intaneti kudakali miyezi ingapo. Amene sadziwana ndi aliyense kunja amagwa pa sitepe yoyambayo. Mabungwe ena amabweza ndalama munthu atabwerako kale, kutanthauza kuti ayambe wagula tikiti ndi ya m'thumba mwake. Ya pasipoti, ya visa ndi ya basi yokafika ku bwalo la ndege ku Lumbadzi nthawi zambiri ndi yake. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo tikiti ya ndege, imene mtengo wake umatsata dola, inathawira kutali.

Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti m'mbiri yonseyi, kuyambira pa Bishopu Vernon mpaka pa AIMS, ndalama yaikulu ya ulendo yakhala ikuchokera kwina. Tinaona mu 2025 mmene ntchito zambiri za umoyo ndi maphunziro zinaimira boma la America litatseka bungwe la USAID. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Dziko limene likufuna owerengera bwino za nyengo, za matenda, za inshulansi ya mbewu ndi za ngongole zake silingasiye ntchito imeneyi m'manja mwa alendo okha. National Commission for Science and Technology, mayunivesite athu, mabanki ndi makampani ogula fodya ku Chinkhoma akhoza kukhazikitsa thumba laling'ono lolipirira achinyamata a masamu kupita ku msonkhano wa SAMSA chaka chilichonse, ndi kuwapatsiratu ndalamayo asananyamuke. Poyerekeza ndi mtengo wa labotale imodzi, ndalama imeneyi ndi yochepa.

Inu aphunzitsi a masamu a m'sukulu za sekondale za ku Chisemphere, ku Nkhamenya ndi madera ozungulira, auzeni ophunzira anu za Overtoun Jenda, za AIMS ndi za SAMSA adakali mu Fomu 3, adziwe kuti masamu ali ndi kopita. Ndipo inu amene munapita kale n'kubwerako, mulembereni kalata mng'ono wanu amene akupempha koyamba.