Khansa bint Khidham anakana mwamuna womusankhira bambo ake

Nkhondo ya Uhud ya m'chaka cha 625 inasiya akazi ambiri amasiye mu mzinda wa Madina. Mmodzi mwa iwo anali Khansa bint Khidham wa mwa ma Ansar, amene mwamuna wake, Unays ibn Qatada, anafera pankhondopo. Bambo ake anamupezera mwamuna wina n'kumangitsa ukwati osamufunsa. Khansa sanamufune mwamunayo. Anadzuka n'kupita kwa Mtumiki (s.a.w) kukawasumira bambo ake omubereka, ndipo Mtumiki anauthetsa ukwatiwo. Kenako anakwatiwa ndi Abu Lubaba, amene mtima wake unamufuna. Nkhaniyi ili mu Sahih Bukhari komanso mu Muwatta ya Imam Malik.

Tikaiwerenga kumadrasa, sipalephera wina wonena kuti Khansa anali atalowapo kale m'banja, ndiye namwali ndi nkhani ina. Koma Abu Dawud analemba hadisi ya Ibn Abbas yokhudza namwali amene anabwera ndi dandaulo lomweli, ndipo Mtumiki anamusiyira yekha kusankha, kukhala kapena kuchoka.

N'zoona kuti ma ulama anasiyana maganizo. Imam Abu Hanifa, amene anamwalira mu 767, anati mtsikana wotha msinkhu sakakamizidwa. Imam Shafi'i, amene ambiri kuno timatsatira madhhab ake, analola bambo kukwatitsa namwali osayamba wamufunsa, ngakhale anati kufunsa ndiye kwabwino. Ophunzira ake a m'mbuyo anaikapo malire: pasakhale chidani pakati pa bambo ndi mwana, mwamunayo akhale woyenerana naye, mahari akhale okwanira. Iwo ankaganizira bambo wofunira mwana zabwino. Bambo wothamangira kubweza ngongole ya feteleza sanamuike m'gululi.

Pamene timapunthwa kwambiri ndi pa kukhala chete. Hadisi ya mayi Aisha imaphunzitsa kuti namwali akachita manyazi n'kukhala chete, ndiye kuti walola. Manyazi ndi mantha si chinthu chimodzi. Mtsikana wokhala pamphasa, atazunguliridwa ndi amalume, ankhoswe ndi ashehe, mahari atadyedwa kale, angatsegule pakamwa bwanji? Kuno ku Mchinji timadziwa mmene zimakhalira ndalama za fodya ndi soya zikatuluka: ofunsira amachuluka, ena ochokera tsidya la Zambia, ndipo mwana wa Sitandade 7 amasowa m'kalasi mwadzidzidzi. Malamulo a dziko anatseka kale khomo limenelo. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inachotsa m'malamulo aakulu mpata woti makolo aziloleza ana ochepera zakazi.

Khansa sanadzudzulidwe kuti wanyoza makolo. Mtumiki anamumvetsera, ukwati womangidwa ndi bambo ake unatha, ndipo dzina lake linalowa m'mabuku a fiqh amene ashehe athu akuphunzitsabe mpaka lero.